Masewera a pa foni akachita mphanda, chuma cha osewera chimatsata nthambi iti?

METANGULA – Aliyense amene ali ndi foni yolowa pa intaneti m'mbali mwa nyanja ya Niassa, kuyambira ku Meluluca kudzafika ku Cobué mpaka pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu, analandirako uthenga womuitanira ku masewera omwe akuti amalipira. Uthengawo umabwera pa WhatsApp, pa Facebook kapena pa Telegram, ndipo nthawi zambiri wotumiza ndi mnansi kapena mnzako wa kusukulu. Mauthenga ambiri otere ndi osavuta kuwakayikira. Koma pali mtundu wina womwe umakola ngakhale anthu ochenjera, chifukwa umayamba ndi kuvomereza kuti chinyengo chilipo. Umati eni masewera akale aja anali adyera, osewera atopa nawo, tsopano apatuka ndipo ayamba nthambi yawoyawo, ndiye amene alowe msanga ndiwo adzadye zonona.

Kupatukana kotere kumachitikadi, ndipo nthawi zina opatukawo amakhala ndi zifukwa zomveka. N'chifukwa chake nkhaniyi ikufunika kuifotokoza bwino m'malo mongoti zonse za pa intaneti ndi bodza. Kwa banja lomwe limagwira ndalama yooneka kamodzi pa chaka, likagulitsa chimanga ndi nyemba za ku Maniamba kapena usipa ukaphedwa bwino, funso lenileni ndi lakuti: anthu akagawana masewera, nanga chuma chomwe osewera anaikamo chimapita kuti?

Tiyambe ndi mawu akuti blockchain, omwe oitanira anthu amawatchula ngati mankhwala otsirikira munda. Ambiri mwa inu mumadziwa magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, omwe anzathu a kutsidya amati banki m'khonde. Njira imeneyi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo mphamvu yake yagona pa zinthu ziwiri: bokosi la maloko atatu lomwe makiyi ake amasunga anthu atatu osiyana, ndi buku lomwe mlembi amalembamo masheya ndi ngongole za aliyense pamaso pa gulu lonse. Tsono tayerekezani kuti m'malo mwa buku limodzi, membala aliyense ali ndi buku lake lofanana ndendende ndi la mnzake, ndipo tsamba latsopano silingalowe mpaka ambiri atavomereza kuti zolembedwazo n'zoona. Mlembi mmodzi sangafufute dzina la munthu usiku, chifukwa mabuku ena onse amutsutsa kukacha. Blockchain ndi buku lotero, kungoti osunga mabukuwo ndi makompyuta omwe ali m'maiko osiyanasiyana. M'masewera omangidwa pa buku lotere, khadi, kanyama kapena munda wa m'masewera zimalembedwa m'dzina la wosewera, ndipo akhoza kuzigulitsa kwa wina.

Popeza aliyense ali ndi buku lonse m'manja, palibe chomwe chingaletse theka la gulu kunyamula mabuku awo, kukakhala pansi pa mtengo wina, n'kunena kuti kuyambira tsamba ili tizilemba motsata malamulo athu. Pa Chingelezi amati fork, ndipo mawu athu oyandikira kwambiri ndi mphanda: thunthu limodzi, nthambi ziwiri. Masamba onse akale amafanana m'mabuku a mbali zonse ziwiri, koma masamba atsopano amasiyana. Izi zinachitikira ndalama ya Ethereum pa 20 Julayi 2016, anthu atasemphana maganizo pa zobweza chuma chomwe chinabedwa mwezi wa Juni chaka chomwecho, ndipo mpaka lero kuli Ethereum ndi Ethereum Classic. Zinachitikiranso Bitcoin pa 1 Ogasiti 2017 pamene Bitcoin Cash inapatuka.

Kwathu kuno kugawika kwa mudzi si nkhani yachilendo. Mphwake wa mfumu akakangana ndi amalume ake amatenga mbumba yake n'kukayamba mudzi kutsidya la mtsinje. Koma wosamukayo sanyamula dimba, sanyamula mitengo ya mango, sanyamula manda. Pa blockchain zimaoneka ngati wanyamula zonse, ndipo otsalawo nawonso sanataye kanthu. Amene anali ndi makhadi khumi amadzuka ali ndi makhadi khumi uku ndi khumi uko. Apa ndi pamene pagona msampha, ndipo nkhani ya Steem ndi Hive ikuonetsa bwino momwe zimathera.

Mkangano wa Steem ndi Hive

Steem ndi blockchain yomwe inayamba mu 2016. Pamwamba pake anamangapo tsamba la Steemit, pomwe anthu ankalemba nkhani n'kumalipidwa ndalama ya STEEM malinga ndi mavoti a owerenga. Anamangaponso masewera, ndipo otchuka kwambiri anali a makhadi omenyanitsa zilombo, omwe anayamba mu 2018 ndi dzina loti Steem Monsters, kenako n'kusintha kukhala Splinterlands. Buku la Steem linkasungidwa ndi alembi akuluakulu 20 osankhidwa ndi anthu, omwe ankatchedwa mboni. Koma chisankho chake sichinali cha munthu mmodzi voti imodzi. Voti inkalemera malinga ndi kuchuluka kwa ndalama ya STEEM yomwe munthu waimangirira m'bukumo. Wa masheya ambiri mawu akenso ankamveka kwambiri.

Kampani ya Steemit inali ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama yonse ya STEEM, yomwe inadzikundikira pachiyambi penipeni anthu ena asanadziwe. Kwa zaka zinayi anthu ankakhulupirira kuti chuma chimenechi ndi chotukulira ntchito ya onse ndipo sichidzagwiritsidwa ntchito povota. Chikhulupiriro chimenecho chinali cha pakamwa. M'malamulo a bukulo munalibe loko wotseka chumacho.

Pa 14 Febuluwale 2020 kunamveka kuti Justin Sun, mkulu wa kampani ya ndalama za pa intaneti ya Tron, wagula Steemit kwa Ned Scott, mmodzi mwa oyambitsa ake. Pogula kampaniyo anagulanso mulu wa STEEM uja. Mboni zinachita mantha, ndipo pasanathe masabata awiri zinasintha malamulo kuti chuma cha kampaniyo chisasunthe komanso chisavote. Sun anati uku n'kumulanda katundu yemwe wagula ndi ndalama zake. Pa 2 Malichi 2020 anabweza. Misika itatu ikuluikulu yosinthira ndalama zoterezi, Binance, Huobi ndi Poloniex, inatenga STEEM yomwe makasitomala awo anasungitsa, n'kuvotera nayo anthu a Sun. Tsiku limodzi lokha mboni zonse 20 zinachotsedwa pa mipando.

Taimani pamenepa pang'ono, chifukwa ndi pomwe nkhaniyi ikutikhudza. Ndalama zomwe zinagwetsa mbonizo zinali za anthu wamba omwe sanafunsidwe. Zili ngati msungichuma wa gulu lanu atatenga masheya a mamembala omwe apita kumaliro n'kuvota nawo m'malo mwawo kuti wapampando achoke. Mkulu wa Binance pa nthawiyo, Changpeng Zhao, anadzanena kuti anavomera poganiza kuti n'kukonza wamba kwa makina, ndipo Binance ndi Huobi zinachotsa mavoti awo. Koma malamulo a Steem ankati ndalama ikamangiriridwa kuti ivote, imatenga masabata 13 kuti imasuke yonse. Makasitomala ena omwe ankafuna kutapa chuma chawo anauzidwa kuti adikire.

Kwa masabata awiri ndi theka mbali ziwirizi zinalimbirana mipando ya mboni, uku kugula STEEM yowonjezera, uku kukopa mavoti. Kenako gulu la olemba, osewera ndi amisiri a makompyuta linaona kuti silingapambane mpikisano wa ndalama ndi munthu wolemera chotero. Pa 20 Malichi 2020 linakopera buku lonse n'kuyamba nthambi yatsopano yotchedwa Hive. Aliyense amene anali ndi STEEM analandira HIVE yochuluka chimodzimodzi, dzina lake ndi makiyi ake osasintha. Mulu wa kampani ya Steemit wokha sunapatsidwe kwa Sun, unaikidwa m'thumba la chitukuko loyendetsedwa ndi mavoti a mamembala.

Anthu ambiri akamafotokoza nkhaniyi amalekera pomwepa, ngati nthano ya kalulu wogonjetsa njovu. Koma opatukawo nawonso anachita chinthu chofunika kuchiyang'anitsitsa. Maakaunti mazana angapo a anthu omwe anavotera mboni za Sun sanapatsidwe HIVE. Anthuwo sanabe kanthu, anangovota mosiyana ndi ambiri. Ndipo mbali inayo inabwezera moposa: pa 20 Meyi 2020 oyendetsa Steem anasintha malamulo n'kulanda STEEM 23.6 miliyoni, ya mtengo woposa madola 5 miliyoni a ku America, m'maakaunti 64 a anthu omwe ankawaona ngati adani. Chumacho chitangosonkhanitsidwa mu akaunti imodzi, munthu wina wosadziwika yemwe anali ndi makiyi ake anachitumiza ku msika wa Bittrex ndi pempho loti chibwezedwe kwa eni ake, ndipo Bittrex inapezeka yagwirizira katundu yemwe mbali ziwiri zikukanganirana. Buku lija lomwe timauzidwa kuti palibe angalifufute linafufutidwa kawiri m'miyezi iwiri, koyamba ndi mbali iyi, kachiwiri ndi mbali inayo.

Nanga osewera a Splinterlands? Iwo anali ndi makhadi omwe ena anawagula ndi ndalama zambiri, ndipo mbiri ya makhadiwo tsopano inali m'mabuku awiri. Yankho silinachokere ku blockchain. Linachokera ku kampani yopanga masewerawo, chifukwa makompyuta ake ndiwo amawerenga bukulo n'kuonetsa khadi pa foni ya wosewera. Kampaniyo inasankha Hive ndipo inasamuka pa 1 Juni 2020. Kuyambira tsiku limenelo khadi lenileni linali lomwe kampani ikulizindikira. Osewera anapulumuka chifukwa eni masewera, amisiri ndi unyinji wa anzawo anapita mbali imodzi. Akanagawikana pakati, aliyense akanatsala ndi makhadi awiriawiri koma wosewera naye ndi womugula atachepa ndi theka.

Kukopera buku sikuchulukitsa chuma. Gulu la ku Chuanga litati lagawika lero, mbali iliyonse n'kutenga buku lolembedwa kuti m'bokosi muli 80,000 meticais, ndalamazo sizikhala 160,000. Bokosi ndi limodzi. Pa blockchain bokosi lachitsulo kulibe, ndiye mtengo wa nthambi iliyonse ndi ndalama yomwe munthu wina walolera kutulutsa m'thumba kuti agule. Nthambi ya Hive inapeza ogula, ndipo m'miyezi yoyamba ndalama yake inakwera kuposa ya Steem. Nthambi zambirimbiri zomwe zapatuka ku Bitcoin ndi ku masewera ena zinauma osabala kanthu, ngakhale mabuku ake alipobe ndipo manambala a anthu akuonekabe bwinobwino.

Anthu a m'malire safunika sukulu kuti amvetse zimenezi. Achikulire akukumbukira 16 Juni 1980, pamene metical inalowa m'malo mwa escudo, ndipo ambiri tikukumbukira 2006, pamene 1,000 meticais akale anasanduka metical imodzi. Nthawi zonse ziwirizi panali Banco de Moçambique yonena kuti pepala lovomerezeka ndi ili, ndipo wogulitsa sopo pa msika wa Metangula anayenera kulilandira. Amalonda a ku Cobué omwe amagwira makwacha kuchokera ku Likoma anaona mu Novembala 2023 ndalama ya Malawi itagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Zinawawa, koma kwachayo inagulabe kanthu tsiku lotsatira, chifukwa anthu mamiliyoni amalipira nayo msonkho, fizi ndi chigayo. Ndalama ya m'masewera ilibe boma kumbuyo kwake, ndipo palibe chigayo chomwe chimakakamizidwa kuilandira.

Ndalama yolipira osewera imachokera kuti?

Kupatuka kapena kusapatuka, funso ili ndi lomwe oitanira anthu amalizemba. Chitsanzo chachikulu ndi masewera a Axie Infinity, opangidwa ndi kampani ya Sky Mavis ya ku Vietnam, dziko lomwelo komwe kunachokera Viettel, mwini wamkulu wa Movitel yomwe ambiri timaimbira. Mu nthawi ya Covid-19 masewerawa anafala kwambiri ku Philippines, makamaka mumzinda wa Cabanatuan m'chigawo cholima mpunga cha Nueva Ecija. Kuti munthu ayambe ankafunika tinyama titatu ta m'masewera, ndipo pakati pa 2021 mtengo wa titatuto unafika madola mazanamazana. Osauka sakanakwanitsa, choncho olemera ankagula tinyamato n'kubwereketsa, wosewera n'kumagawana nawo zomwe wapeza. Asodzi azindikira msanga dongosolo limeneli: mwini chilimira ndi bwato amakhala kumtunda, alovi amachezera panyanja, m'mawa n'kugawana.

Kusiyana kwake n'kwakuti usipa umadyedwa. Ogula usipa ku Lichinga sagula pofuna kudzakhala asodzi, amagula kuti adyere nsima, ndipo mawa adzafunanso wina. Ndalama ya SLP yomwe osewera a Axie ankalandira ntchito yake yaikulu inali kuswetsa tinyama tatsopano, ndipo tinyama tatsopanoto ogula ake anali osewera atsopano. Malipiro a olowa kale ankachokera m'matumba a olowa kumene. Pakati pa 2021 SLP imodzi inafika pa masenti oposa 30 a dola. Pofika pakati pa 2022 inali yosakwana senti imodzi. Omwe anasiya ntchito zina, ndi omwe anakongola ndalama kuti agule tinyama mochedwa, ndiwo anasenza chitayikocho.

Pamwamba pa izo, pa 23 Malichi 2022 akuba analowa m'nkhokwe ya masewerawa yotchedwa Ronin n'kutenga chuma cha pafupifupi madola 620 miliyoni. Nkhokweyo inali ndi makiyi asanu ndi anayi, ndipo asanu anali okwanira kuitsegula. Anayi mwa iwo anali m'manja mwa kampani imodzi yomweyo, ndipo yachisanu akubawo anaipeza kudzera pa chilolezo chakale chomwe chinaiwalika osatsekedwa. Panapita masiku asanu ndi limodzi eni ake asanazindikire. Apolisi a FBI a ku America anati anachita izi ndi gulu la Lazarus la ku North Korea. Amayi a gulu losunga ndalama la ku Messumba sangalole kuti makiyi awiri mwa atatu azigona nyumba imodzi. Kampani ya madola mabiliyoni inalola.

Kenako kunabwera masewera ongodinadina pa Telegram, omwe salipiritsa polowa. Hamster Kombat, yomwe inayamba mu Malichi 2024, inkanena kuti ili ndi osewera 300 miliyoni. Ndalama yake itatuluka pa 26 Sepitembala 2024, anthu ochuluka omwe anadina kwa miyezi anapeza kuti gawo lawo silikufika ngakhale madola 10. Wina anganene kuti sanataye kanthu poti sanalipire. Koma mamega, omwe kutsidya amati bandulo, sagwa ngati mvula. Foni imafuna kutchajitsa, nthawi zina pa sola ya eni ake yolipira. Ndipo mwana amene maso ali pa foni nthawi yopalira chinangwa kapena yoingitsa mbalame m'munda wa mpunga, banja lalipira kale. Eni masewerawo anapindula ndi otsatsa malonda komanso mavidiyo a pa YouTube omwe osewera ankauzidwa kuonera.

Nthambi yoona ndi nthambi yabodza

Poyerekeza ndi nkhani ya Hive, pali zizindikiro zomwe munthu angayang'ane ngakhale sadziwa za makompyuta. Pa Hive panalibe amene anauzidwa kuti alipire kuti asamuke. Chuma chinangoonekera chokha m'dzina la mwini wake. Mkangano unachitika poyera kwa mwezi wathunthu, manyuzipepala a m'maiko ambiri analemba, ndipo otsogolera kupatukako anali anthu omwe gululo linawadziwa kwa zaka. Nthambi yomwe ikufuna kuti mutumize kaye ndalama pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh ku nambala ya munthu kuti "akusamutsireni" makhadi, imeneyo si mphanda, ndi dzanja lolowa m'thumba mwanu. Chimodzimodzi yomwe malipiro ake akudalira kuti mubweretse abale asanu.

Choopsa kwambiri ndi cha makiyi. Chikwama cha ndalama zoterezi chimatsekulidwa ndi mawu achinsinsi, kawirikawiri 12 kapena 24. Amene wadziwa mawuwo ndiye mwini chuma, ndipo palibe ofesi yomwe ingabweze zomwe watenga. Popeza nthambi yatsopano imagwiritsa ntchito makiyi omwewo a nthambi yakale, akuba amapanga masamba onamizira kuti lembani mawu anu apa kuti mulandire gawo lanu la ku nthambi yatsopano. Izi zinachitikira anthu ambiri pa nthawi ya nthambi za Bitcoin mu 2017. Munthu amapita kukatenga mphatso n'kubwerako atataya ndi zomwe anali nazo kale. Pa M-Pesa mukalakwitsa nambala pali poimba, pali wothandizira pa msika yemwe mumamudziwa nkhope. Pa blockchain zikapita zapita.

Malamulo nawonso sakuimirani kumbuyo. Mu Januwale 2018 Banco de Moçambique inachenjeza kuti siyang'anira Bitcoin ndipo siyankhapo kanthu munthu akataya chuma chake mmenemo. Mu 2023 banki yomweyo inalamula kuti makampani ochita malonda a ndalama zoterezi azilembetsa kwa iyo, koma cholinga chachikulu cha lamulolo ndi kutseka njira zobisira ndalama zakuba, osati kubwezera wosewera amene khadi lake lagwa mtengo. Ku Malawi, Reserve Bank inanena mu Meyi 2019 kuti ndalama zimenezi si zovomerezeka polipirira zinthu m'dzikomo. Tsono taganizani za mnyamata wa ku Ngofi amene walowetsedwa ndi msuweni wake wa ku Likoma, ndalama yadutsa pa Airtel Money kapena Mpamba, masewera ali pa makompyuta a ku Asia, ndipo eni ake sadziwika maina. Akadandaule ku polisi ya dziko liti? Mlandu wotere umathera pabwalo la mfumu, pomwe wozengedwa ndi msuweni uja, yemwe nayenso anataya zake. Anthu a ku Zimbabwe ndi ku South Africa anaziona ndi MMM mu 2016, ndipo kampani ya Mirror Trading International ya ku South Africa itagwa mu Disembala 2020 inapita ndi Bitcoin ya anthu zikwizikwi a m'maiko ambiri. Ambiri mwa iwo analowetsedwa ndi munthu yemwe amapemphera naye kapena kudya naye.

Sitikunena kuti luso limeneli lilibe ntchito kumudzi. Ku Bondo, m'munsi mwa phiri la Mulanje ku Malawi, kuli timakina topanga magetsi ndi madzi a mumtsinje, ndipo kuyambira 2023 kampani ya Gridless imagula magetsi otsala n'kuyendetsera makompyuta okumba Bitcoin. Ndalama yomwe imalowa imathandiza kuti magetsi a m'midzimo apitirire. Koma onani chomwe mudziwo ukugulitsa: magetsi, chinthu chomwe chili ndi ntchito ngakhale Bitcoin itatha mawa. Chiopsezo cha kukwera ndi kutsika kwa mtengo chili kwa kampani, osati kwa mayi wogulitsa nthochi. Boma la Lago lili ndi mitsinje yotsika m'mapiri kulowa m'nyanja, ndipo ngati pali nkhani ya blockchain yoyenera kuti akuluakulu a boma ndi mafumu aifunse mafunso, ndi yotereyi.

Ine ndikuona kuti phunziro la Steem lomwe latiyandikira kwambiri silikhudza foni n'komwe. Gululo linagwa chifukwa linalola zinthu ziwiri: kuti voti ilemere malinga ndi chuma, ndi kuti lonjezo lalikulu kwambiri likhale la pakamwa. Magulu athu osunga ndalama, makomiti a asodzi a CCP ndi mabungwe a alimi amakumana ndi mayesero omwewo. Membala mmodzi akayamba kugula masheya ochuluka kuposa onse, kapena wobwera ndi injini ya boti akayamba kulankhula m'malo mwa eni mabwato khumi, tsiku lina amadzafunsa chifukwa chake mawu ake akufanana ndi a munthu wa sheya imodzi. Njira ya banki m'khonde inaikiratu mpanda pamenepa: munthu sagula masheya oposa asanu pa msonkhano umodzi, voti ndi imodzi kwa aliyense, ndipo pakatha miyezi 9 mpaka 12 bokosi limatsegulidwa, aliyense n'kutenga zake. Amene watopa ndi gulu amachoka pa tsiku logawana, chuma chake chili m'manja, ndipo akafuna akayambe gulu lina popanda kulanda buku la anzake. Steem inalibe tsiku logawana lotere. 

Pamene pakufunika kusamala kwenikweni ndi pomwe zinthu ziwirizi zikumana, ndiko kuti ndalama ya gulu ikalowa m'masewera. Wachinyamata wodziwa foni, yemwe mwina ndiye mlembi wa gulu chifukwa anafika kalasi 10, akhoza kubwera ndi maganizo oti m'malo mosiya ndalama m'bokosi mpaka Disembala, aigulire makhadi kapena ndalama ya nthambi yatsopano isanakwere. Iye sakhala wakuba, amakhulupiriradi. Koma ndalamayo ikangolowa m'chikwama cha pa foni, maloko atatu aja asanduka mawu 12 omwe ali m'mutu mwa munthu mmodzi. Foniyo ikagwera m'nyanja nthawi ya mwera, mawuwo asanalembedwe pena, chuma cha mabanja makumi awiri chamira nayo. Ndipo ngakhale foni ikhale bwino, imafuna netiweki. Kumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala 2024, pa zipolowe zotsatira chisankho, intaneti ya pa foni inkadulidwa m'dziko muno ndipo WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa kwa masiku. Mtengo wa ndalama ya m'masewera umatha kugwa ndi theka m'maola ochepa, ndipo amene ali ku Cobué wopanda netiweki sangagulitse pamene anzake a ku Manila ndi ku Lagos akugulitsa.

Mbewu ya chimanga ndi feteleza zimafunika mvula yoyamba isanagwe, ndipo magulu ambiri amaika tsiku logawana pafupi ndi nthawi imeneyo pa chifukwa chomwechi. Gulu lomwe lamva maganizo oika ndalama zake m'masewera otere lili ndi ufulu wofunsa wobweretsa maganizoyo kuti atchule dzina la kampani ndi dziko lomwe inalembetsedwa, anene amene akusunga makiyi ndi kuchuluka kwawo, ndipo aonetse pamaso pa onse kuti ndalama yake ya iye mwini, ngakhale 200 meticais, yalowa m'masewerawo n'kutulukanso kufika pa e-Mola kapena M-Pesa. Akatero afotokozenso kuti amene anamulipirayo anaitenga kuti ndalamayo.